Kulankhulira Makauboyi Osalankhula

Ndisanabwere ku Doha ndinkadyera pakamwa panga. Kuseri kwa msika wa kwathu kunali vidiyo shoo, chisakasa cha malata chokhala ndi mabenchi, ndipo ine ndinkakhala pambali pa sikirini ndi maikolofoni n'kumalankhulira mafilimu m'Chichewa. Mzungu, Mtchaina, Mmwenye, onse ndinkawalankhulitsa ngati obadwira m'dera lathu lomwelo. Zimene ankanenadi sindinkazimva zonse, ndipo panalibe wofuna kuzidziwa. Mkazi wanga ndinamupeza momwemo, pa benchi yachiwiri, akuseka mpaka kutsokomola.

Kuno ndine mlonda pa nyumba ina yosanja ku The Pearl. Ndimaima pakhomo lagalasi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo mawu anga a tsiku lonse mukhoza kuwawerenga ndi zala: moni kwa wotuluka, moni kwa wolowa, ndi kuuza obweretsa zakudya kuti lifiti yawo ndi yakuseri. Sabata yoyamba supavaiza anandiuza kuti mlonda wabwino amaoneka koma samveka. Ndinamvera, mpaka kumvera mopyola. Pofika chaka chachitatu ndinkaimba foni kunyumba n'kungoti, "Muli bwanji? Ana ali bwanji? Mvula ikugwa?" Kenako zii, ine ndi mkazi wanga, tonse awiri tikumvetsera kupuma kwa mnzathu.

Tsiku lina mkazi wanga anatopa nazo. "Ine ndinakwatiwa ndi munthu wolankhula," anatero. "Uyu wa eya ndi ayi sindikumudziwa. Tsiku limene mudzakhale ndi chonena mudzaimbe." Anadula foni. Ndinapsa mtima, ndinati asandizolowere, miyendo ikutupa kuno chifukwa cha ndani? Koma panapita masabata atatu ndikutulutsa foni m'thumba n'kuibwezeramo. Kunena zoona ndinkaopa. Ndinkaopa kuti ndikaimba ndipezekanso ndilibe mawu, ndipo ukwati wanga utha choncho, popanda ndewu, kungozima.

Lachisanu lina, tsiku langa lopuma, chipinda chinandichepera. Ndinagona, ndinadzuka, ndinachapa yunifolomu yochapa kale. Pomaliza ndinanyamuka kupita ku Bin Mahmoud, kwa injiniya wina wa kwathu amene amakonda kuitana Amalawi masana a Lachisanu. Ndinapeza anthu atatu: mwini nyumbayo, mayi wina wachikulire amene ndi nesi ku Al Sadd, ndi dalaivala wina wokonda mikangano, wochokera m'dera lathu, amene mabenchi a vidiyo shoo ija ankawadziwa bwino.

Titadya mpunga, injiniya uja anayatsa TV. "Lero ndikuonetsani agogo a mafilimu onse a mfuti," anatero. Inali filimu ya makauboyi, yaifupi, yakale kupitirira zaka zana malinga ndi kunena kwake. Chithunzi chinali chotuwa, chikuphethiraphethira. Mwamuna wa chipewa chachikulu anatsanzika mkazi wake pakhomo pa kanyumba ka matabwa, n'kukwera kavalo kupita kukaweta ng'ombe za munthu wina. Milomo inkayenda, koma mawu kunalibe, ngakhale kanyimbo.

Dalaivala analanda rimoti n'kukweza voliyumu mpaka kumapeto. Kenako anagwada kuseri kwa TV, kugwedeza mawaya, kumenya sipika ndi chikhatho.

"Bwana, sipika yanu yapsa iyi."

"Sinapse, amwene. Nthawi imeneyo mafilimu analibe saundi."

"Ndiye mwatiitanira filimu yosamaliza kukonza? Mafi saundi, mafi kala, monga amanenera kuno: palibe mawu, palibe mtundu. Halasi, basi, tiikireni mpira."

Mkangano unayambira pomwepo. Mbava zitaba ng'ombe zija, mwamuna wa chipewa n'kuyamba kuzithamangitsa, injiniya anaimitsa filimu. "Taonani apa. Akutionetsa othawa, kenako wothamangitsa, kenako othawanso. Mwakhala pa sofa koma mtima ukuthamanga nawo. Mafilimu onse amene mumaonera pa foni anabera kwa anthu awa."

"Anabera chiyani?" anatero dalaivala. "Anthu akugwa ngati oledzera kachasu, chipolopolo chisanafike n'komwe."

Mayi nesi ankasakaniza tiyi. "Ine ndaonapo chimodzi," anatero. "Mzimayi uja amusiya pakhomo. Zaka zonsezi zapita, mafilimu ali ndi kala, ali ndi saundi, koma mzimayiyo akadali pakhomo pomwepo. Ngati pali chimene anatengera, n'chimenecho."

Ine sindinakhale pansi. Ndinkangoyenda, pawindo, pafiriji, pawindonso. Ndinkadziwa kuti injiniya akunena zoona, chifukwa ana ndi adzukulu a filimu imeneyi ndinawalankhulira osawerengeka. Ndinkadziwa kuti mbava yomaliza icheuka isanacheuke. Lilime linkayenda lokha m'kamwa motseka, ndipo zimenezi zinkandinyansa kuposa phokoso la dalaivala.

Iyeyo ndi amene anandigwira. "Akulu, mwangoti duu bwanji? Si inu munkatilankhulira mafilimu kuseri kwa msika? Bwana, bwezerani poyamba. Saundi tili nayo muno."

"Ndinasiya zimenezo," ndinatero.

"Yesani, achimwene," anatero mayi nesi. "Muno mulibe supavaiza."

Dalaivala anandigwiritsa rimoti ngati maikolofoni. Filimu inayambanso. Ndinatsegula pakamwa, ndipo chimene chinatuluka chinali chamanyazi. "Apa... bamboyu akupita."

"Zimenezo tikuona tokha," anatero dalaivala. "Ng'oma yolilitsa sichedwa kung'ambika, ndaona lero."

Zinandiwawa. Ndinkafuna kumugenda ndi rimoti yomweyo. Koma nthawi imeneyo kavalo uja anakana kuyenda, n'kupukusa mutu, ndipo ndinangomva pakamwa panga pakuti, "Kavaloyu akuti, bwana, lero ndi ofu yanga, kaonani pa rosita!" Mayi nesi anatsamwa ndi tiyi. Basi, mpopi unatseguka. Mwini ng'ombe, bambo wamimba, ndinamusandutsa manejala wathu, wongodziwa kukuwa kuti yala yala, fulumirani. Mbava ndinazifunsa ma ID pa geti. Wogwa chipolopolo chisanafike ndinati wagwiratu kuti asavutitse anthu. Dalaivala yemwe uja anagubuduka pa kapeti, akuti, "Ndi omwe aja! Ndi omwe aja!" Thukuta linali kamukamu ngakhale eyakoni inkazizira, ndipo kwa nthawi yoyamba kuno ndinamva kuti ndine ndemwe.

Ndinali nditaiwala kuti mapeto ake sindikuwadziwa, popeza poyamba paja filimu anaiimitsira pakati. Ng'ombe zitabwezedwa kwa mwini wake, mwamuna uja anafika pa kanyumba kake, fumbi lokhalokha. Mkazi anali pakhomo. Sanamuthamangire. Anayamba kulankhula, nthawi yaitali, manja akuloza kumsewu, akuloza pamtima. Wolankhulira filimu saloledwa kukhala chete milomo ikuyenda, choncho ndinamupatsa mawu, ndipo sindinawasankhe.

"Mwabwera? Ng'ombe za eni mwazipulumutsa, mwachita bwino. Ine muno ndakhala ndikucheza ndi chitseko. Simundiuza ngati mukudwala, simundiuza ngati mukuopa, simundiuza ngati mukundifunabe. Mwaima apa thupi lokha. Mwamuna wanga mwamusiya kuti?"

Mwamuna uja anavula chipewa, n'kutsegula pakamwa, ndipo filimu inathera pomwepo. Injiniya anayamba kufotokoza kuti mwina mbali ina inatayika kalekale, koma mayi nesi anamugwira mkono. Ine ndinaika rimoti patebulo n'kutuluka osatsanzika. Lifiti inachedwa, ndinatsika pa masitepe.

Panja dzuwa linali likuswa mtengo. Ndinaima mumthunzi wa sitolo yotseka n'kuimba, ndisanapeze mpata woganiza. Foni inaitana kanayi.

"Mwapeza chonena?" anafunsa mkazi wanga.

"Takhala pansi, ndikuuze filimu."

Ndinamuuza yonse, kuyambira dalaivala akumenya sipika yabwinobwino. Pa kavalo wa ofu anayesa kudzigwira koma zinamukanika, anaseka. Ndinalankhula mpaka foni inatentha pakhutu, ndikuyenda kuchoka pa sitolo kukafika pa kona n'kubwerera. Mawu a mkazi wa pakhomo uja ndinawanenanso onse, osachotsapo ngakhale limodzi. Nditamaliza anandifunsa.

"Ndiye mwamunayo anayankha kuti chiyani?"

"Filimu inathera pomwepo."

"Sindikufunsa filimu, bambo ake a ana. Ndikufunsa inuyo."