Buluzi Woyera wa ku Mphunzi

Fungo la pansi pa thanthwe la ku Mphunzi sindidzaliiwala: zitosi za mileme, fumbi lozizira, ndi kautsi ka mphanje kochokera m'minda ya kachewere kumusi. Ine sukulu ndinalekera panjira, koma za thanthwe limenelo munthu asandiphunzitse. Ndinalidziwa alendo a makamera asanayambe kubwera.

Chinali chaka chimene maso a amayi anachita ng'ala. Munthu akaima patsogolo pawo ankangomuona ngati chitsa. Nyengo yozizira itafika, tsiku lina m'mamawa anandigwira pamkono.

"Iwe Sitefano, pakamwa pako ndi belu la tchalitchi, koma miyendo uli nayo. Undiperekeze kuthanthwe. Ndikaone chimene anajambula amayi anga, masowa asanatsekeretu."

Tinkakwera pang'onopang'ono, ine patsogolo, iwo atagwira ndodo kumbuyo. Mame ankanyowetsa kabudula wanga, zala zakumiyendo zitachita dzanzi. Koma nkhungu ya kwathu ndi yamakani. Inkakuta phiri lonse, ndipo pansi pa thanthwe pankangoti bii. Amayi ankatong'ola maso mpaka misozi, osaona kanthu. Ndiye ine ndinkawafotokozera mokuwa kuti pali chinthu choyera ngati buluzi wotambalala miyendo, chamadonthomadontho kumsana, ndipo pambali pake pali mizere yofiira yakalekale. Thanthwe linkandibwezera mawu anga.

"Tsitsa mawu, udzutsa mileme," ankatero.

Nditafunsa tanthauzo la buluziyo anaseka. "Za kuchinamwali izo, za akazi. Ukadzakwatira udzafunse mkazi wako, nayenso adzakukaniza."

Tinabwerera chimanjamanja kangapo. Kunyumba anayamba kupunthwa pamtondo, kuthira madzi pambali pa ndowa. Ine mantha anandigwira kuti nkhungu itipambana, moti m'mawa uliwonse ndinkathamangira panja kukayang'ana phiri.

Tsiku lina kunacha kuli mbee. Tinakwera mwaliwiro, amayi akupuma mwawefuwefu, chitenje chitadzaza chisoso. Titafika, kuwala kunali kutalowa mpaka mkati, ndipo dothi loyera lojambulira buluzi uja linkaoneka ngati alipaka dzulo. Amayi anapendeka mutu, kusuzumira ndi diso lakumanja lomwe linali litatsalako pang'ono.

"Uyo!" anatero.

Sanakhudze mwala ayi. Anangoyendetsa chala m'malere, kutsata miyendo ya buluzi ndi madontho ake limodzilimodzi. Kenaka anayamba kuimba chapansipansi nyimbo imene sindinaimvepo, mapewa akugwedezeka ngati a mtsikana. Nyimbo itatha, tinatsika phiri. Mvula yoyamba isanagwe, maso awo anatsekeka kotheratu.

Masiku ano pathanthwepo pamabwera anthu ochokera kutali, ana a sukulu ndi azungu omwe, ndipo pali mnyamata wowafotokozera bwino ndithu. Ine ndikakhalapo ndimawauza mokweza, amve onse, kuti chala chimene chinapaka dothi limenelo ndi cha agogo anga, obereka amayi. Ena amaseka, ena amandijambula. Tanthauzo lake sindilidziwa mpaka lero, pakuti mkazi wanga anandikanizadi.

Ndili mwana ndinkayesa kuti tikuzunzikira buluzi wadothi. Tsopano maso anganso ayamba nkhungu, ndipo ndazindikira kuti amayi ankakwera phiri lija kukatsanzikana ndi amayi awo. Mdzukulu wanga ndamuuza kale kuti kukadzacha kuli mbee, adzandigwire pamkono.