Chiponde cha m'pulasitiki ya maluwa

Ufulu utangobwera ananditumiza kukaphunzitsa pasukulu ina ku Malama, kumene kunalibe nyumba ya mphunzitsi wokwatira. Mkazi wanga, yemwe ndinam'tenga kumtunda, anatsala kwathu ku Mnkhanya ndi mlongo wanga wamkulu. Ndinkabwera mwa apo ndi apo pa njinga, ndipo pobwerera ndinkanyamula kamba: nsomba zowamba ndi chiponde chosinja mkazi wanga.

Kwathu chiponde tinkakulunga m'tsamba la nthochi. Unkaliwaula pamoto kuti lifewe, n'kumanga ndi luzi. Mkazi wanga ankaona kuti zimenezo sizoyenera munthu wovala tayi. Paukwati wathu namwino wina anam'patsa nsalu ya patebulo ya pulasitiki, yofewa, ya maluwa ofiira. Tebulo tinalibe. Anaidula zidutswa n'kumakulungiramo chakudya changa.

Dzuwa la Okutobala kuno kuchigwa silisewera. Chiponde chinkafika ku Malama chitasungunuka, chikununkha ngati nsapato zatsopano, ndipo chinkakerekesa kukhosi. Ndinkadya. Ndinkati mwina mtedza wa kwawo amasinja motero.

Ulendo wina ndinabwera ndi chotsala. Mlongo wanga anatapa ndi chala, n'kulavula.

"Iwe, wakhala ukudya zimenezi?"

"Ndi chiponde, alongo."

"Chiponde cha kuti chonunkha sitolo? Akukudyetsa kondaine. N'chifukwa chake ukangotsika njinga umafunsa iye yekha, ife tili pompano ngati zitsa."

Mkazi wogwidwa akuthira mankhwala achikondi m'chakudya ankabwezedwa kwawo, ndipo mbiri inkam'tsogolera. Mlongo wanga anatuma mawu kwa amalume kuti abwere mawa lake. Mkazi wanga anali ndi pakati. Sanalire kapena kudziteteza. Anangoti, "Ngati n'kupita, mundiperekeze mpaka pokwerera basi."

Sindinkakhulupirira za kondaine, koma fungo linalipo, ndipo kukana pakamwa pokha sikukanathandiza. M'mawa ndinapempha mlongo wanga kuti akazinge mtedza wake, asinje yekha.

"Wayamba kundituma? Mankhwala agwiradi."

Anasinja komabe. Theka anakulunga m'tsamba, theka m'chidutswa cha pulasitiki chimene anachitsuka yekha ndi phulusa. Anaziika padenga la nkhokwe, padzuwa, n'kukhala pansi pake kuti mlamu wake asayandikire.

Amalume anafika dzuwa litapendeka, fumbi mpaka m'mawondo.

"Mwaswera bwanji nonse? Nanga uyu akulondera chiyani, njovu zayamba kudya masana?"

Ndinawafotokozera. Anayamba ndi cha m'tsamba, n'kunyambita chala kawiri. Cha m'pulasitiki anangochigunda ndi lilime, n'kutembenukira kumbali kukalavula.

"Wasinja ndani ichi?"

"Ndine, malume," anatero mlongo wanga.

"Ndiye kondaine ameneyu wathirira ndani? Ine ndakalamba, mwana wa mlongo wanga."

Palibe anaseka kupatula iwo okha. Mkazi wanga analowa m'nyumba n'kutuluka ndi zidutswa zonse, n'kuziyala pamphasa. Zimene zinali zisanagwirepo ntchito zinali zofewa ngati tsiku la ukwati. Zimene zinkakulunga chiponde zinali zitauma gwa, maluwa atafwifwa, ndipo ukazipinda zinkathyoka. Amalume anathyola chimodzi pafupi ndi khutu lawo.

"Chimene chinkafewetsa ichi chapita kuti?"

Anayang'ana mimba yanga. Tonse tinayang'ana komweko.

Patapita zaka zambiri ndinawerenga kuti opanga pulasitiki yotere amathiramo mankhwala onga mafuta kuti ifewe, kuti mafuta a m'chakudya ndi kutentha zimawatulutsa, ndiponso kuti anthu akufunafuna ena osavulaza, ena ochokera ku mafuta a zomera. Tsiku lija sitinkadziwa dzina la chilichonse. Tinali ndi fungo ndi chidutswa chothyoka.

Mlongo wanga sanapepese. Sichinali chibadwa chake. Anati, "Mankhwala analimo ndithu, sindinaname. Kungoti si a mlamu." Amalume anati mlandu watha, ndipo anapempha cha m'tsamba chija kuti akadye kwawo.

Zidutswa zofewa zotsala ndinakutira chishalo cha njinga.

Tsiku lobwerera ku Malama ndinadzuka n'kupeza mkazi wanga ndi mlongo wanga kuseri kwa nyumba, pa nthochi za mlongo wangayo, zimene sankalola munthu kuzigwira.

"Osati ilo, mlamu, lang'ambika ndi mphepo. Dulani lam'kati. Ndipo musaliwaule mpaka kupsa, si nsomba."

"Ndamva, alamu."

"Mukamanga, mfundo ikhale pamwamba. Mwamuna wanuyu sadziwa kumasula."

Mkazi wanga anadula. Mwana anabadwira m'nyumba yomweyo mvula ili pakati, ndipo amene anam'landira anali mlongo wanga.