Aphunzitsi a Masamu ndi Khadi la ku Sikelo

Aphunzitsi opuma pantchito a nyumba ya pakona aja sadziwa kukhala pansi. Amayendayenda pakhonde ngati nkhuku yofuna kuikira, choko chili m'manja. Mawu awo ndi amodzimodzi: "Kukwera kwa njira kumakuuza mmene ikukhotera, koma sikukuuza pamene inayambira."

Tsiku lina mayi woyandikana nawo anafika mwana akulira kumbuyo, mtima uli m'mwamba. Khadi la ku sikelo linanyowa, mzere wa kulemera kwa mwanayo n'kufufutika. Mayiyo ankangokumbukira zimene mwana ankawonjezera mwezi ndi mwezi.

"Bambo, kodi mwanayu akukula bwino?"

Mayiyo atawauza zimene ankakumbukirazo, aphunzitsi anagwada n'kuphatikiza zowonjezera zonsezo, mzere wokhota n'kutuluka pasimenti. Kenako anajambula mizere ina iwiri yofanana nawo m'munsi mwake.

"Yonseyi ikukwera mofanana, amake mwana, koma wapansiwu ndi wa mwana wonyentchera. Ndipatseni poyambira pokha. Anabadwa wolemera bwanji?"

Mayi uja anayankha, "Makilo atatu ndi theka."

Aphunzitsi analoza mzere wapamwamba. "Wanu ndi uwu. Pitani mukamuyamwitse, akulira njala ameneyu, osati matenda."