Munda wa amake Keziah

Vitalis Njobvu wa ku Ndake analembedwa usilikali m'chaka chachinayi cha Chitaganya, mwezi wa Julayi, atangopeleka chikole kwa Keziah wa ku Kalindawalo. Mnyamatayo anali wa Sitandade 4, wolimba msana, wodziwa kulemba kalata yomveka. Wolemba asilikali amene anabwela ndi lole pa boma la Petauke anamuuza kuti maphunzilo ndi a miyezi itatu chabe, ikatha nkupita kutchuthi. Munthuyo ananama maso ali gwa, ndipo palibe amene anamufunsapo mlandu mpaka lelo.

Amalume ake a Keziah anali atanena kale zao. Mkamwini amadziwika ndi khasu. Mvula yoyamba imupeze m'munda mwa apongozi ake, apo ayi mwana wao sadzakalambila munthu wa m'makalata. Vitalis anawelenga miyezi pa zala, napeza kuti Okutobala adzakhala atabwela. Anakwela lole akuseka.

Ku kampu anayamba ndi kumumeta mpala. Lipenga linali kulila kusanache, ndipo munthu unayenela kukhala utaima pamzele jombo zikuwala, ngakhale mapazi ali matuza okhaokha. Anaphunzila kuponda pamodzi ndi anzake, kutembenuka pamodzi, kupasula mfuti ndi kuimanga maso atatseka. Anaphunzilanso kupaka laimu miyala ya m'mbali mwa njila, kudya nyemba zofumbwa osadandaula, ndi kuyankha kuti inde kwa kamzungu kopanda ndevu komwe. Sajeni anali munthu wakuda ngati iwo, koma mwano wake unaposa wa eni ake a ulamulilo. Ukaphonya phazi, anali kukuthamangitsa mfuti ili pamwamba pa mutu mpaka mikono ife.

Zonsezi Vitalis anapilila. Lamulungu masana, anzake akuchapa zovala, iye anali kukhala kuseli kwa nyumba yogonamo nkumalembela Keziah. Sanali kulemba za matuza. Anali kumufunsa ngati akali kuseka atagwila pakamwa, ngati akali kuyenda mothamanga pobwela kuchitsime mpaka madzi kumutayikila pamapewa.

Okutobala atafika, anamva kuti miyezi ndi isanu ndi iwili. Analimba mtima nakaima pamaso pa sajeni, nafotokoza za munda wa apongozi. Sajeniyo anafunsa ngati mkaziyo ali ndi pepala la ukwati la ku boma. Atamva kuti palibe, anaitana gulu lonse kuti lione msilikali wa Mfumukazi wolila khasu.

"Ufuna kulima, Njobvu? Tidzakupatsa munda."

Anamupatsa fosholo. Masiku atatu anakumba ngalande kuseli kwa bwalo la pelete, akatsiliza nkuikwililanso. Mitambo inali itayamba kale kusonkhana kummawa.

Apa m'pamene anachita chimene munthu aliyense wa kwao akanachita. Mwambo umalola kuti mbale akugwilile khasu ngati wadwala kapena uli kutali. Analembela msuweni wake Jethro, mwana wa amalume ake, amene anakulila naye pamodzi, kuti apite ku Kalindawalo akamulimile. Jethro anavomela msanga, nanena mwachisuweni kuti adzamusungila munda ndi zonse za m'mphepete mwake. Vitalis anaseka powelenga.

Keziah sanali kudziwa kuwelenga, ndipo amene anali kumuwelengela kale anali mphunzitsi wa pa sukulu ya tsidya la dambo. Tsopano wowelenga anapezeka pakhomo pomwe. Mawu onse amene Vitalis anawasankha mosamala pa Lamulungu anali kufika m'makutu mwa Keziah potuluka pakamwa pa Jethro. Mayankho nawo anali m'dzanja la Jethro. Anasimba kuti chimanga chamela bwino, kuti nsawawa apalila kawili, kuti amai akondwela ndi mizele. Za Keziah mwini wake zinachepa mpaka zinatsala mzele umodzi: ali bwino, akupatsa moni. Mu Januwale kalata sinabwele.

Tchuthi anamupatsa kumapeto kwa Febuluwale. Anatsika basi pa msewu waukulu, nayenda pansi, yunifomu itasitidwa, chipewa chili pambali. Anadutsa munda wa apongozi ake. Chimanga chinali chitamasula ngaiyaye, chobiliwila kuposa cha minda yonse yoyandikana nayo.

Asanafike m'mudzi anaona amake Keziah akubwela panjila, mtolo wa nkhuni pamutu. Mkamwini sakumana maso ndi maso ndi apongozi ake aakazi. Wina amapatuka, wina amayang'ana kumbali, moni nkupatsana chapatali. Vitalis analowa m'udzu wonyowa, navula chipewa, nanjuta atafulatila njila.

Amaiwo sanapatuke. Anatula nkhuni, nabwela pomwe ananjutapo, namuzungulila kutsogolo.

"Vitalis, mwana wanga, nyamuka. Wanenepa, boma likudyetsa bwino."

Anamutchula dzina, akumuyang'ana kumaso, dzanja atatambasula. Mpongozi sachita zimenezo kwa mkamwini wake.

"Amai," anatelo Vitalis, "Jethro ndinamutuma ndine."

"Tidziwa. Koma thukuta limene tinaona ndi lake. Tiye ukamupatse moni mlamu wako Keziah, ali ku nyumba yao yatsopano ndi Jethro."

Vitalis anaimilila, mawondo a buluku atanyowa, nalandila dzanjalo ndi manja awili, poti analeledwa bwino. M'mudzi sanalowe. Masiku khumi ndi anayi a tchuthi chake anawathela pa khonde la sitolo ku Nyimba, akuyang'ana malole akudutsa, ndipo atabwelela anasaina zaka zina zisanu ndi ziwili. Sanakwatile mpaka atachoka usilikali, imvi zitayamba.