Soya m'bokosi la besi

Kwathu ku Mitundu ukafunsa kuti a besi amakhala pati, ngakhale mwana akulozera kwathu. A besiwo ndi bambo anga. Gitala yawo ndi ya nsambo zinayi, yofiira, yosupuka penti pamene pamagona mkono, ndipo inachokera ku Joni ine ndisanabadwe. Ili ndi ampu yake komanso chibokosi cha sipika chofika m'chiuno, chimene amayi amayalapo kansalu n'kuikapo maluwa apulasitiki masiku amene kulibe koimba. Masiku amenewo ndiye achuluka. Eni maukwati tsopano amangoitana mnyamata mmodzi wa kiyibodi, kapena dijeyi ndi kafulashi kake m'thumba, basi ukwati watheka.

Chinthu china chimene bambo amadziwika nacho ndi pikapu. Ili kuseri, pafupi ndi chigafa cha fodya, ndipo yakhala pa njerwa kuyambira ndili ku pulayimale. Giyabokosi ndiyo inatha. Nkhuku zathu zimaikira mazira pampando wa dalaivala, ndiye tinganene kuti galimotoyo imatithandizabe.

Besiyo, kunena zoona, ndimaimba ndine. Ndinayamba mwakuba bambo ali kumunda, osalumikiza ku ampu, khutu nditaligunditsa pathabwa kuti ndimve. Atandigwira sanakalipe. Anangondikonza chala chachikulu n'kutuluka. Pofika Fomu 3 ndinali nditayamba kuimba m'kwaya ya achinyamata kutchalitchi, mtsikana ndekha pakati pa anyamata a zida. Kusukulu amandidziwa ndi zina. Ndine uja ndinabisa chitsulo choimbira belu, sukulu yonse n'kukhala pa buleki mpaka dzuwa kupendeka. Koma ndikakoleka besi ndimakhala munthu wabwinobwino.

Chaka chimenecho, titangomaliza kukolola, amayi anatopa. Anali ndi tomato kudimba, ndipo tsiku lililonse la msika ankapempha ngolo ya eni, apo ayi kukodola wakabaza.

“Galimoto ili apo, ikuswetsa anapiye,” anatero tsiku lina. “Gitala ili umo, ikusunga fumbi. Inu bambo ake a mtsikana, chimodzi chidye chinzake.”

Bambo anatenga foni n'kuimba. Ali ndi mnzawo wakalekale ku Nathenje amene ife timangoti ankolo. Nawonso ndi a besi, ndipo amakonza galimoto pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu wa tala. Ankolo anali ndi giyabokosi yolowa bwino m'pikapu yathu, koma ampu ndi sipika yawo zinali zitapsa ndi jenereta ku ukwati wina. Anagwirizana zosinthana: bambo apereke besi, ampu ndi chibokosi, ankolo abweretse giyabokosi n'kuimanga okha. Ine palibe anandifunsa. Ndinamva nkhaniyi ndikutsuka mbale.

Tsono ankolo ndinkawadziwa kayesedwe kawo ka sipika, chifukwa ndinawaonapo akukana ya munthu wina. Samvera nyimbo ayi. Amavula nsapato, n'kuponda pansi ndi phazi lenileni, kuika chikhatho pamwamba pa bokosi, kenako amakoka nsambo yaikulu ija yokhayokha. Mawu akatuluka oyera amagwedeza mutu. Akangomva kakuphwerera ngakhale pang'ono, amati pepala la sipika lang'ambika, ndipo sabwereranso m'mbuyo.

Loweruka limene ankabweralo, m'mawa, amayi anali atayanika soya pamkeka. Ndinatapa manja awiri. Chibokosi chija chili ndi bowo lozungulira m'munsi, lotulukira mphepo. Ndinathira soyayo m'menemo, n'kupendeketsa bokosilo kuti agubuduzikire kumbuyo, n'kubwezeretsa kansalu ndi maluwa. Ndinakasesanso pakhonde, mpaka amayi anandiyang'ana modabwa.

Ankolo anafika dzuwa lili pamutu. Tinayamba kumva galimoto yawo isanaoneke. Ndi kagalimoto kakale kobiriwira, chitseko chimodzi chomanga ndi mphira, ndipo sikalira ndi kiyi. N'chifukwa chake sanaime pabwalo. Anakwera nako pachulu cha kuseri kwa khola, n'kukatembenuza kuti kayang'ane kumunsi, n'kukuwira mlongo wanga wamng'ono kuti aike mwala kutayala.

“Mwala waukulu, iwe! Kameneka kanandithawapo ku Diamphwe, ndinakapeza kakumwa madzi.”

Anatsika akugwira msana. Bambo nawo anadzuka akugwira msana. Anapatsana moni ngati anthu okumana pamzere wa kuchipatala.

“Mwayenda bwanji, achimwene?”

“Theka ndayenda ine, theka yayenda galimoto.”

Sanathamangire zoyesa zida. Anakhala pakhonde, ndinawabweretsera thobwa, ine n'kukhala chapafupi ndi lichero la mtedza kuti ndizioneka wotanganidwa. Anthu awiriwa akakumana nkhani zawo ndi zomwezomwezo, koma tsiku limenelo ankazikamba pang'onopang'ono, ngati akuzilongedza.

“Nsambo mukuphikabe?” anafunsa ankolo.

“Nanga n'kutani? Ndikaziwiritsa m'madzi zimabwerera mawu mwezi umodzi. Mayi akewa anandiletsa poto wawo, ndili ndi chitini changa.”

“Ine yaikulu ija inaduka pa Khirisimasi. Ndinafunafuna m'tauni monse, anyamata a m'mashopu kumandifunsa kuti besi n'chiyani, bwanji osangogula kiyibodi.”

“Kiyibodi,” anatero bambo, ngati akutchula matenda. “Kamnyamata kamadina batani limodzi, ng'oma zilipo, besi ilipo. Kenako kakuyang'ana pafoni nyimbo ili m'kati.”

“Besi yake yopanda msana ija. Imamveka m'khutu, m'mimba osafika.”

“Koma anthu amavina.”

“Amavina, eee.”

Kunkawomba kamphepo kozizira ka mwezi wa Juni, konyamula fumbi ndi makoko a soya.

“Mukukumbuka ukwati wa ku Malingunde?” anayambanso ankolo. “Pikapu yanuyi itanyamula bandi yonse?”

“Imene inanyamula ndi bandi. Pikapu tinaikankha kuyambira pamlatho.”

“Tinafika akwati atalowa kale. Ndiye tinaimba mpaka zala kutupa, pomaliza akuti a bandi dikirani, adye kaye alendo.”

“Tinadya makoko a mpunga ndi msuzi wa kabichi.”

“Inu munadya. Ine ndinali pansi pa galimoto ndi tochi.”

Anaseka, koma kuseka kwake kosatsegula pakamwa. Kenako ankolo anafotokoza za jenereta imene inawaotchera zida: mwini wake anaikoka mphamvu kuti ayatsenso firiji ya zakumwa, ampu n'kungoti phu, kautsi koyera, fungo la mphira. Bambo anati n'chifukwa chake iwo amakhulupirira batire la galimoto ndi inveta basi, ngakhale kuti likatha pakati pa nyimbo umangoima ngati chitsa, anthu akukuyang'ana. Anakambanso za makoswe amene amadya mawaya, za lamba wa gitala amene bambo anasoketsa kwa wokonza nsapato, za mapewa amene sagonanso bwino. Ine mtedza ndinali nditausenda wonse, ndikungoutembenuza.

“Tiyeni timve,” anatero ankolo pomaliza.

Anakamasula batire m'galimoto yawo, poti lathu linali litatha moto. Bambo ndi mlongo wanga anatulutsa chibokosi pakhonde. Ndinamva soya akugubuduka m'katimo, koma onse anali kubuula ndi kulemera kwake, palibe anamva. Analumikiza mawaya, kagetsi kofiira ka ampu kanayaka. Amayi anabwera kudzaima pakona ya nyumba, manja m'chiuno, maso ali kugalimoto ya ankolo kumene kunali giyabokosi.

Ankolo anavula nsapato. Anakoleka besi, anaika chikhatho pabokosi, anatsinzina, n'kukoka nsambo yaikulu.

Mawu anatuluka akulu bwino, oti mbale zinanjenjemera m'nyumba. Koma pansi pake panali tcherrr, ngati mvula ya matalala padenga la malata. Ine sindinayembekeze kuti zimveka bwino chotero. Ndinaluma mlomo mpaka kuwawa kuti ndisaseke.

Ankolo anatsegula diso limodzi. Anakokanso. Tcherrr.

“Achimwene,” anatero, “pepala lapita ili.”

“Sizingatheke. Ndinaimba nayo pa Pasaka.”

“Pasaka ndi kale. Tamverani nokha.”

Tcherrr.

Nkhope ya bambo sindidzaiiwala, ndipo apa pokha ndi pamene kuseka kunandithera pang'ono. Sipika imeneyo ankainyadira kuposa gitala. Ankati yaimba ku Nkhoma pabwalo lodzaza makwaya, anthu a kumbuyo kwenikweni n'kumaimva m'chifuwa. Anagwada pang'onopang'ono, bondo limodzi kenako linalo, n'kuyang'ana pepala la sipikayo kudzera pawaya wa kutsogolo. Sanaone chong'ambika. Anapinda mkono wa shati, n'kupisa dzanja m'bowo lija mpaka m'chigongono.

Anakhala choncho nthawi yaitali. Nthawi yomweyo nkhuku yathu yathadzi, ija ya pampando wa dalaivala, inafika n'kuyamba kujompha pansi pafupi ndi bokosi, pamene panagwera njere ziwiri zitatu ponyamula paja. Bambo anaiyang'ana nkhukuyo. Anatulutsa dzanja atafumbata, n'kuliika m'thumba la buluku. Kenako anandiyang'ana ine. Ine ndinayang'ana mtedza.

“Yapitadi, achimwene,” anatero bambo. “Pepani, mwaotcha mafuta pachabe.”

Anaingitsa nkhuku ija ndi phazi.

“Timate ndi guluu?” anafunsa amayi ali pakona paja. “Si munamatapo kale?”

“Ikafika apa simatika, mayi,” anatero bambo osawayang'ana.

Ankolo anakanda chibwano. Anati gitala ali nayo yawo, chimene ankafuna kwenikweni ndi mawu. Koma poti abwera kale, atha kutenga besi ndi ampu, bambo n'kuwonjezerapo mbuzi imodzi.

“Mbuzi ndi za mayi akewa,” anatero bambo.

“Mbuzi zanga zisalowe m'bandi,” anatero amayi, n'kubwerera kumkeka wawo wa soya.

Nkhani inathera pomwepo. Koma ankolo besi sanaivule msanga. Anatsitsa mawu kuti kuphwerera kuchepe, n'kuimba kanyimbo kena kakale ka paukwati, koyenda pang'onopang'ono. Atamaliza anapatsira bambo, bambo n'kuimba komweko m'njira yawo, akutsutsana kuti pokhotera paja chala chimapita pati. Anapitiriza mpaka kagetsi kofiira kanayamba kuphethira, inveta n'kulira kuti batire latha.

Ndiye panabwera ntchito yokankha. Anabwezera batire, mlongo wanga anachotsa mwala, kagalimoto kanatsika chulu, kanatsokomola kawiri n'kuima pafupi ndi khola. Tinakankha tonse, ine, bambo, mlongo wanga ndi anyamata awiri odutsa, giyabokosi ija ikutilemera kumbuyo. Kanakalira titafika kumsewu wafumbi, tonse tili wefuwefu. Ankolo sakanatha kuima, kuopa kuti kazimanso, ndiye anangotulutsa mutu pawindo kakuyenda.

“Iwe mtsikana! Soya wa chaka chino wauma bwino, eti?”

“Wauma, ankolo!”

“Ndamumva!”

Titabwerera, bambo anandiimika pakhonde. Anatulutsa dzanja m'thumba, n'kundithira njere zija m'chikhatho.

“Uchotse yense. Ndipo kuyambira lero chibokosichi uzinyamula wekha. Msana wanga wakwana.”

Amayi anadziwa tsiku lomwelo, chifukwa anandipeza nditapendeketsa bokosi, soya akutuluka pabowo, nkhuku zitandizungulira. Sanakuwe. Anangoti popeza galimoto ndaikana ndine, galimotoyo ndikhala ineyo. Mpaka lero, tsiku la msika likagwera pa tchuthi kapena Loweruka, ndimakankha njinga ya madengu awiri a tomato kuchokera kudimba mpaka pa Mitundu, amayi ali pambuyo akundiuza kuti ndisagwetse. Bambo nawonso sanapulumuke. Sabata yonse imeneyo madzi osamba ankadziphikira okha.

Anzanga amandifunsa ngati sindidandaula ndikamatuluka thukuta pachitunda cha panjira ya kumsika. Ndidandaule chiyani? Tomato amalemera, inde, ndipo chibokosi chimalemera kuposa tomato, makamaka Lamulungu pamene ndimachimangirira pa wilibala kupita nacho kutchalitchi, anyamata a kwaya akundiseka m'malo mondithandiza. Pikapu ikadali pa njerwa, ndipo yaswetsanso anapiye kawiri. Ankolo anagulitsa giyabokosi ija kwa munthu wa ku Dedza. Amabwerabe, amaimikabe pachulu, amadandaulabe za kiyibodi, ndipo akafuna kuimba ku ukwati amabwereka bokosi lomwelo limene analikana.

Njere imodzi inakanirira penapake m'kona, kuseri kwa thabwa. Ndinagwedeza, ndinapisa waya, sinatuluke. Ndikakoka nsambo yaikulu mwamphamvu imayankha pang'ono, tcherr. Bambo akakhala pabenchi ya kumbuyo m'tchalitchi amaimva, ndipo ndimawaona akupukusa mutu. Anandiuza kuti ndimasule bokosilo ndiichotse. Ndinati ndichotsa.