Timabuku ta Mpira ta Amuna Anga

Amuna anga anali mphunzitsi pa sukulu ina ya mishoni kufupi ndi Kasakula, ndipo vuto lawo linali pakamwa. Munthu wabwino ndithu, wosamwa mowa, wosamenya, koma ukangotchula mpira basi, waputa mavu. Ali ku koleji ya uphunzitsi ankagwira pagolo, ndiye anasunga timabuku tomwe tinkagulitsidwa pachipata pa masewero akuluakulu, tokhala ndi mayina a osewera, zithunzi, ndi malonda a sopo kumbuyo. Tinkakhala m'chitini cha mabisiketi pansi pa bedi. Ine ndinkangoti ndi zinyalala zoitana mphemvu.

Kabuku kamodzi ndi kamene kankandisowetsa mtendere. Pa tsamba lapakati panali amuna anga, akadali mnyamata wowonda ngati bango, akulandira chikho kwa nduna ina, manja atagwirana, onse mano pamtunda. Ndunayo inadzathawa m'dziko muno itatchedwa chigawenga. Masiku amenewo kungopezeka ndi chithunzi cha munthu wotero kunali kokwanira kuti galimoto ya apolisi ikupeze pakhomo, ntchito n'kuthera pomwepo, ana n'kutsala ndi mayi awo. Ife tinali ndi ana anayi. Ndinawapempha kangapo kuti tikawotche kabukuko, iwo kukana kwamtuwagalu, ati ndi chithunzi chokhacho chosonyeza kuti nawonso anaomberedwapo m'manja.

Tsiku lina masana, nyengo yothyola fodya, kunabwera oyendera sukulu kuchokera ku boma ku Ntchisi pa njinga yamoto. Anali bambo achikulire, ofatsa, a magalasi, mtundu wa anthu omwe sungadziwe chimene akuganiza. Atamaliza za m'kalasi ndinangowaona akubwera kunyumba ndi amuna anga, amuna angawo nkhope ili gwaa. Mlendoyo anati anamva ku msonkhano wa aphunzitsi kuti kuno kuli timabuku takale ta mpira, ndiye akufuna atione. Anamva kwa yani? Kwa mwini wake, nanga kwa yaninso!

Ndinayesa kuwatsinzinira amuna anga kuti akachotseko kabuku kaja ali kuchipinda. Ayi ndithu, mantha anawamanga nzeru, anatulutsa chitini chonse n'kuchiika patebulo. Ndikanakhala ndi mpata ndikanawatsina mpaka magazi.

Mlendo uja anapempha madzi, anasamba m'manja, n'kupukuta bwinobwino asanakhudze pepala. Anatifotokozera kuti nawonso amasunga timabuku totere, ndipo ku Lilongwe kuli mzungu wina amene amatigula, tina pa mtengo wa mbuzi yathunthu. Ankatenga kamodzikamodzi. Ankayamba aona chikuto ngati chili chonse, kenako timawaya tapakati ngati tachita dzimbiri, n'kununkhiza kuti amve ngati kanalowa chinyontho. Ka masewero omaliza a chikho ankakaika padera, ati kamaposa ka masewero wamba. Tomwe amuna anga analembamo zigoli ndi cholembera mlendoyo anati tatsika mtengo, ndipo mukhulupirire, amuna angawo anayamba kutsutsa, kuiwaliratu kuti khosi lawo lili pa mpeni. Ine ndinkathira tiyi, wina kugwera m'mbale, maso ali pa mulu womwe unkachepa.

Kenako anafika pa kabuku kaja. Anatsegula pakati, anakonza magalasi, n'kuyang'anitsitsa chithunzi chija. Panja nkhuku zinkalira, ana a sukulu akupita kwawo, ine m'mutu ndikuwerengera kuti kwathu ku Chisepo ndikafika bwanji ndi ana anayi ndi mbuzi.

"Aphunzitsi," anatero osakweza mutu, "aka ndiye kamtengo wapatali kuposa tonse. Ochepa anakasunga." Kenako anatembenukira kwa ine, n'kundipatsa kabukuko ndi manja awiri. "Koma mayi, chiswe chadya tsamba lapakatili. Tapitani mukalione bwino kukhitchini, kuno maso anga sakuona."

Tsambalo linali loyera, lopanda ngakhale kabowo. Ndinamva bwino lomwe zimene ankanena. Ndinagwada, ndinalandira, ulendo wa kukhitchini. Ndinalizula tsamba lija pa timawaya take n'kulikankhira pansi pa ketulo, ndipo ndinaimirira pomwepo mpaka phulusa lake litasakanikirana ndi la nkhuni.

Nditabwera nako, mlendoyo anakatembenuza uku ndi uku, n'kunena mwaulemu kuti kabuku kosowa tsamba palibe angakagule, bola aphunzitsi angokasunga ngati chikumbutso. Sanagule kalikonse tsiku limenelo. Anamaliza tiyi wawo, anayamikira mbatata, anafunsa ngati msewu wotsikira kudambo ukudutsika, n'kuliza njinga yawo. Phokoso lake litazimiririka kuseri kwa phiri ndinakhala pansi pakhonde n'kuyamba kuseka, misozi ili chuchuchu. Thupi lonse linapepuka. Sindinadziwe kuti chithunzi chija ndinachisenza pamutu zaka zonsezo.

Galimoto sinabwere. Amuna anga anaphunzitsa mpaka kupuma pa ntchito, ndipo bambo aja tinkakumana nawo apo ndi apo ku boma, kupatsana moni wa masiku onse, osatchulapo kanthu.

Koma sabata imeneyo m'nyumba munali zii. Amuna anga anakhala masiku awiri osandilankhula, kumangodya n'kutuluka, ngati ine ndi amene ndinaitana mlendoyo. Ine sindinapepese, ndipepese chiyani? Tsiku lachitatu m'mawa ndikusesa pabwalo anabwera n'kuima pambali panga, manja kumbuyo, n'kundifunsa motsitsa mawu ngati ndinayamba ndachiyang'anako chithunzicho ndisanachiponye pamoto.

Ndinawayankha kuti inde, ndinachiyang'ana, ndipo munkaoneka bwino kwabasi. Anagwedeza mutu n'kumapita kusukulu akumwetulira pang'ono. Linali bodza. Sindinachiyang'ane n'komwe, ndinkangofuna chipse msanga.