Akalulu a mu Repu ya Atate

Kwathu ku Chelstone madzi amabwera mbandakucha, dzuwa likamatuluka amakhala atapita. Ntchito yodzaza migolo inandigwera chifukwa cha chule. Ndinamuika mu nsapato ya asisi anga, iwo n'kukuwa mpaka agalu a ku Avondale anayankha. Amayi anagamula kuti popeza ndili ndi mphamvu zogwira achule, ndizidzuka ndi tambala kukatunga madzi. Ine mpaka lero ndimati chule uja anagwira ntchito yake bwino.

Mpopi uli kuseri kwa nyumba, pambali pa dimba la atate. Atate amagwira ntchito ya mu ofesi m'tauni, koma mtima wawo uli pa mabedi a repu. Akaweruka savula n'komwe taye, amayamba akaona ngati repu yaswera bwino. Kuseri kwa mpanda wathu wa mabuloko kuli poloti imene mwini wake anangothira maziko n'kuiwala, udzu wake wofika m'chiuno. Pansi pa mpandawo pali kabowo kotulukira madzi a mvula.

Tsiku lina ndili khale pa ndowa, tulo tili m'maso, ndinaona makutu awiri akutuluka pa kabowo kaja. Kenako mphuno yonjenjemera, kenako kalulu yense, wamkulu, wotuwa ngati dothi la mu Okutobala, khutu limodzi long'ambika kunsonga. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mmene ahedi a kusukulu kwathu amayang'anira siketi yofupika. Pomwepo ndinamutcha Ahedi. Pambuyo pake panatuluka wina wochepa thupi, wosakhazikika, wongolowa n'kutuluka pa kabowo ngati akuitanira anthu basi ya ku Kaunda Square. Ameneyo anakhala Kondakitala.

M'mawa mwake ndinabwera ndi foni yakale ya asisi, ya galasi losweka pakona. Chithunzi choyamba chinali cha khoma. Chachiwiri chinali cha fumbi ndi kamchira. Foniyo inkalira kuti khetye pojambula, akalulu n'kuzimiririka. Ndinaitseka pakamwa, ndinasiya kuvala patapata, ndipo ndinkafunda chitenje chimodzimodzi tsiku lililonse kuti azindiyesa mgolo. Ine amene aphunzitsi amati m'thupi mwanga muli nyerere, ndinaphunzira kukhala duu, udzudzu ukundidya, madzi akusefukira mu mgolo, osagwedeza ngakhale chala.

Ndinkawaikira makoko a kaloti ndi masamba akunja a kabichi, lero apo, mawa pafupi pang'ono. Mvula isanayambe, Ahedi anali atafika podyera pafupi ndi phazi langa. Ndili ndi chithunzi chawo dzuwa likuwala kupyola m'makutu, timitsempha tonse tikuoneka tofiira ngati mapu a misewu. Ndili ndi china cha Kondakitala ali m'malere, miyendo yonse inayi osagunda pansi. Anzanga a m'kalasi ankakana kuti si za ku Lusaka.

Vuto ndi lakuti akalulu sadziwa kusiyanitsa makoko ndi repu ya munthu.

"Ndani adya repu yanga?" anafunsa atate madzulo ena, atanyamula tsinde lopanda tsamba ngati umboni wa kukhoti.

"Kapena ni mphepo, adadi," ndinatero.

"Mphepo isiya manyi ya round?"

Anatchera msampha wa waya pa kabowo. M'mawa ndinauwonjola, n'kukolamo patapata yawo yakumanzere. Anautcheranso, ndinakolamo chidole chopanda mutu. Ulendo wachitatu anapezamo mango, nditalimanga bwinobwino pakhosi. Atate anaima nthawi yaitali akuliyang'ana mango lija, kenako anayang'ana ine. Ndinali kutsuka mgolo mwakhama kwambiri.

"Basi," anatero pa chakudya cha madzulo. "Pa Chiwelu nizagwila neka na manja. Amake mwana, mugule tomato na anyezi. Pa Sondo tidya kalulu."

Apa nthabwala inandithera. Atate anakulira kumudzi, kwawo kum'mawa, ndipo akati agwira nyama sanama. Ndinaona Ahedi ali m'poto, khutu long'ambika lija likuyandama mu supu. Ndine amene ndinawaphunzitsa kuti munthu saopsa. Ndinayesa kuchonderera, atate anati nyama ya m'tchire ilibe ubale. Ndinayesa kulira, asisi anati misozi yanga anaizolowera kuyambira nkhani ya chule.

Loweruka atate anandipitirira kudzuka. Ndinawapeza atagwada pa kabowo, atavala kabudula wogonera ndi majombo a mvula, thumba la ufa lopanda kanthu atalitsegula kukamwa, mutu uli pansi, kumbuyo kuli m'mwamba. Anandikodola kuti ndikhale chete. Ndinakhala pa ndowa yanga.

Chimene atate sankadziwa, ngakhale ine sindinkachidziwa, n'chakuti Ahedi anali ndi khomo lina. Anatulukira cha kumpanda wa aneba, pamene buloko lina linagumuka, anayenda pang'onopang'ono pakati pa mabedi, n'kukhala kumbuyo kwenikweni kwa atate. Anathyola tsamba la repu. Anayamba kutafuna akuyang'ana kabudula uja, nkhope ili ngati akufuna kufunsa kuti makolo a mwana ameneyu ali kuti.

Chiseko chinkafuna kutuluka, koma ndinagwira mpweya mmene akalulu anandiphunzitsira. Ndinajambula. Sindidzajambulanso chithunzi chokongola chotere, ngakhale atandipatsa kamera ya pa ukwati.

Kenako chiseko chinaphulika. Ahedi anathawa, atate anatembenuka, ndipo anaona bwinobwino pamene mchira unalowera.

"Ahaa! Kansi makomo ni yawili. Mailo nizatseka uyu, nizalinda uja. Sondo ikali Sondo."

Apo ndinadziwa kuti ndaonjeza moto, mawa lake Ahedi adzasowa kothawira. Ndinakwera pa mgolo n'kusuzumira kwa aneba.

Aneba athu ndi mayi wa Chibemba wa ku Kasama, wogulitsa salaula, zovala za kaunjika zija, ku msika, mawu ake omveka mpaka kumsewu. Ife a kum'mawa ndi Abemba ndife pachimbuya. Timanyozana mmene tingathere, iwo amati timadya mbewa, ife timati amadya anyani, ndipo wokwiya ndiye wagonja. Pa maliro a agogo mayiyu anawathira atate ufa kumutu, suti yonse mbuu, atate n'kumangoseka. Mbuya akaloza nkhuku yako kuti ndi yake, umangoyang'ana kumbali.

Ndinawapeza akusesa, ndinawapatsa moni wa Chibemba.

"Mwashibukeni, ba mayo."

"Eya mukwai. Iwe wamphulupulu, wachita chani futi?"

"Palibe. Nifuna chabe muone vamene adadi achita kuseni."

Anatenga foni, anaitalikitsa, anaiyandikitsa. Tsache linagwa. Anakhala pansi pa khonde, akupukuta misozi ndi chitenje.

"Mwebantu! Afuna chani pansi apo?"

"Kaya," ndinatero. "Kapena mbewa."

Sanadikire kuti amalize kuseka. Anamanga chitenje, anatumiza chithunzi ku foni yawo, ndipo posakhalitsa geti yathu inali kulira.

"Odi kuno kwa a mbewa! Ba mbuya, muli shani? Namvela njala yafika. Sembe munanikamba, nakupatsani kapenta, m'malo mokumba mpanda na mutu!"

Atate anatuluka akumanga lamba. Ataona foni m'manja mwa aneba, anandiyang'ana diso limene ndimalidziwa.

"Ba mbuya, ni akalulu. Anisilizila repu."

"Kalulu ali kumbuyo, imwe muyang'ana kutsogolo. Ndiye ukaswili wa ku Chipata uyu?"

"Imwe a kolwe, odya anyani, muziwa chani pa nkhani ya nyama? Yanu muitenga mu mtengo."

"Yathu tiiona pamene ili!"

Amayi anali pakhomo la khitchini, atagwira pakamwa ndi nsalu yopukutira mbale. Asisi anali pawindo. Atate ankayesa kuumitsa nkhope, koma masharubu ankawagwedera.

"Manje mvelani," anatero aneba. "Akalulu aja apitila pa mpanda wanga. Ni viweto vanga. Uja wa khutu yong'ambika ni mukazi, ali na pamimba, namuona. Mukagwilako umozi, chithunzi ichi chizafika ku kwaya yonse, na ba dikoni bazachiona."

Atate amaimba besi m'kwaya imeneyo. Anayang'ana repu, anayang'ana foni, anayang'ananso repu. Kukwiya sakanatha, mwambo sulola, ndipo theka la kwayayo ndi Abemba. Anapempha kuti achione chithunzicho. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako phewa linayamba kugwedezeka.

"Koma kanyama aka kalibe ulemu," anatero. "Tengani viweto vanu, ba mbuya. Muzilipila lendi."

Lamlungu tinadya soya ndi tomato uja.

Atate anagula waya wa khola la nkhuku n'kutchinga mabedi onse kupatula lakumapeto, la pafupi ndi kabowo. Limenelo anati ndi la alendo a ba mbuya, ndipo wothirira, wopalira ndi wothira manyowa ndine, mpaka ndidzamalize sukulu. Amati ndi chilango. Ine ndinavomera ndi nkhope yachisoni kwambiri, kuopa kuti angasinthe maganizo.

Aneba sananame. Mvula itagwa, Ahedi anabwera ndi tiana tiwiri tokwana m'chikhatho, makutu okulirapo kuposa thupi. Tsopano masiku ena m'mawa atate amatuluka ndi kapu ya tiyi, ati kudzaona ngati migolo yadzaza. Amaima kumbuyo kwanga osapuma mokweza. Ndikajambula amawerama n'kunong'ona kuti, "Onetsa. Awe, wadula khutu, jambula futi."

Chithunzi chija anandilamula kuti ndichifufute, ndipo ndinachifufuta iwo akuona, monga mwana womvera. Kwa aneba ndiye sindinalamulidwe kanthu. Anachiika pa nambala ya atate, moti atate akangowaimbira foni, kabudula uja amayaka pa msika wonse wa salaula.